Khirisimasi ya Mpira Wofiira

Khalani pansi ana inu, koma manja asaime. Mbatatesi izi tikapanda kuzisankha lero, zoola zipatsira zinzake, ndipo mawa ndi Khirisimasi, palibe adzazikhudze. Zazikulu m'thumba umo, zambewu m'dengu, zoola ponyerani nkhumba. Iwe Chisomo, foni wabisa m'chitenjeyo ndaiona kalekale. Diso lakumanzereli ndi limene linachita ng'ala, lakumanjali likadali pantchito.

Tadala, iwe wafika dzulo kuchokera ku koleji kwanu ku Blantyre, ndi tsitsi logula ndi chikwama chokoka ngati mbuzi yopita kumsika. M'mawa muja wafunsa zinthu ziwiri. Wafunsa kuti chithabwa chosomekedwa kudenga kwangachi n'chachiyani, wafunsanso kuti n'chifukwa chiyani msuweni wako Kondwani sabwera kudzadya nafe Khirisimasi. Amayi ako athamangira kuyankha kuti ntchito imamuchulukira. Limenelo ndi bodza, ndipo pa nkhani ya bodza mundifunse ine. Mafunso ako awiriwo yankho lake ndi limodzi.

Chithabwacho agogo anu aamuna, a Ndau, ankachitcha bati. N'chomenyera mpira pa masewera aja a kiriketi. Anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi ine ndili ndi pakati pa Edisoni, bambo akowa Tadala. Chaka chachiwiri mwala unawaphwanya phazi, ndiye azungu anawatulutsa pansi n'kuwapatsa ntchito ya pabwalo la masewera, kuthirira kapinga ndi kukoka chigudumu chachitsulo chosalazira pamene mpira umagwera. Azunguwo akamayeserera ankawalola kuwaponyera mpira, poti dzanja lawo linkaupotoza mpira ngati njoka. Koma tsiku la masewera enieni likafika, a Ndau ankaima kunja kwa mpanda atanyamula ndowa ya madzi. Zaka zonsezo, osalowamo ngakhale kamodzi.

Amuna a anzanga ankabwerako ndi njinga, makina osokera, majasi aatali ofika m'mapazi. Anga anabwera ndi sutikesi, mabulangete awiri, ndi chithabwa chong'aluka chimene mzungu anataya kudzala. Ndinawafunsa kuti, “Kodi chimenechi n'chopunthira nyemba?” Ndipo tsiku lina ndinapunthiradi. Sanandilankhule masiku awiri. Khirisimasi iliyonse, anzawo akamavina ngoma ndi zishango kubwalo, iwo ankakhala pampando wawo pakhondepo n'kumachidzoza mafuta a nsatsi ngati mwana wakhanda.

Inu a masiku ano munthu akayetsemula ku Lilongwe mumamva kuno asanapukute mphuno. Ife uthenga unkayenda ndi miyendo. Mlongo wanga anafera konko ku migodi nthawi yodzala, ife tinamva titakolola, mnzake atabwera ndi sutikesi yake ndi chipewa. Tinaiika sutikesiyo pamphasa n'kuilira. Maliro ankadikira munthu. Ndinakula ndikudziwa choncho, kuti wakufa sathamanga, wofunika kumusamala ndi wamoyo. Muzisunge zimenezi, muzifuna kutsogoloku.

Palinso china. Mwana wanga wamkazi Esinati, mayi wake wa Kondwani, anali ndi mutu wasukulu kuposa onse a m'nyumba muno. Bambo ako asakwiye Tadala, akudziwa. Kutatsala masiku ochepa kuti alembe mayeso kusekondale yogonera konko, mayi anga anamwalira. Achibale anati mwana abwere adzaike agogo ake. Anabwera, analira, mvula inadula mlatho, mayeso anamupita. Sanabwererenso kusukulu. Anatenga mimba ya munthu wogula mbatatesi amene sitinamuonenso, ndipo Kondwani asanayambe n'kuyenda komwe, Esinati tinamuika. Achibale aja amene ankati abwere, abwere, palibe ngakhale mmodzi anabwera ndi sopo wochapira matewera. Kuyambira pamenepo ndinaleka kumvera anthu. Mumandinena kuti Nangozo samwa madzi pakhomo pa mnzake, amawerenga nkhuku zake kawiri patsiku. Nenani. Nkhuku zanga sizisowa.

Kondwani tinalera ndife. Atangofika msinkhu wotha kunyamula chithabwacho, a Ndau anazika nsungwi zitatu kuseri kwa khola, paja pali posalala. Mpira analibe. Ankaponya mateme osapsa, akasowa ankatola mbatatesi zoolazi. Mwana ankalowa m'nyumba akununkha, malaya onse matope. M'chifunga chathu chino cha mwezi wa Juni, anthu akuothera dzuwa, iwo ali kumeneko, wamkulu akutsimphina, wamng'ono akunjenjemera.

“Maso pampira, osati pa ine! Ine ndine wokongola?” ankatero a Ndau.

“Mwaponya mokhota, agogo.”

“Umafuna ndikuponyere ngati ndikukupatsa chigumu?”

Ine ndinkangoti misala. Koma misala imeneyo ndi imene inamutsata mpaka ku koleji. Atasankhidwa kupita ku Blantyre anakapeza kuti kumeneko kuli anyamata osewera kiriketi yeniyeni, ovala zoyera, ndipo mwana wa kuseri kwa khola anawaposa. Anamuika m'timu. Lamulungu lililonse masana ankaimba foni. Ine ankandipatsa moni wa mawu atatu, kenako, “Mundipatseko agogo aamuna.” Ankakamba mpaka foni kutentha, za kagwiridwe ka mpira, za zala. Tsiku lina ndinamva akulonjeza kuti, “Khirisimasi ino ndikubweretserani mpira weniweni, wofiira, wachikopa, wosokedwa pakati.” A Ndau anali asanaugwire mpira wotero chibwerere ku Joni. Anaseka mpaka kutsokomola. Anayamba kuuza aliyense wodutsa panjira.

Chaka chimenecho chinali chake chachitatu. Mvula yoyamba inawapeza a Ndau kumunda akudzala, inawanyowetsa mpaka m'mafupa, n'kusanduka chibayo. Tinapita nawo kuchipatala, anatipatsa mankhwala, tinabwerako. Sizinasinthe. Lachitatu anandigwira dzanja.

“Nangozo, muitaneni mwana uja.”

Ine ndinkadziwa kuti mayeso ake akuyamba Lolemba. Ndinaona nkhope ya Esinati. Ndinatuluka panja, ndinaima pang'ono pafupi ndi nkhokwe, ndinalowanso.

“Ndamuuza. Akubwera.”

Anapempha kuti tiwatembenuze ayang'ane kukhomo, chitseko chikhale chotsegula. Galu akauwa ankadzutsa mutu. Njinga yamoto ikamveka kumsewu ankafunsa kuti, “Si ameneyo?” Ine ndinkati msewu waterera, magalimoto akuvutika. Lachinayi choncho, Lachisanu choncho. Loweruka dzuwa litapendeka anapita, nkhope ili kukhomo.

Bambo ako Tadala anatulutsa foni. Ndinawalanda. Anati, “Amayi, mwanayo ndi wawo, anamulera okha.” Ndinati, “Esinati anali wayani?” Anandisiyira foniyo. Ndiye poti sindikhulupirira munthu, sindinatume wina. Ndinayenda ndekha, mwamuna wanga ali chigonere pamphasa. Ndinapita kwa akuluampingo, kwa amayi ophika, kwa anyamata okumba manda, kwa atsikana onse okhala ndi mafoni ojambula. Mawu anali amodzi: “Amene atumize uthenga kapena chithunzi cha bokosi ili ku Blantyre, asadzapondenso pakhomo panga, ndipo maliro anga asadzabwere.” Anthu amandiopa. Masiku amenewo ndinkayesa kuti kuopedwa ndi chinthu chabwino.

Tinaika Lamulungu. Ndinaiwala kuti Lamulungu ndi tsiku la Kondwani loimba foni. Bokosi lili pabwalo, amayi amvano akuimba, foni ya Edisoni inayamba kunjenjemera m'chitenje mwanga. Ndinadzuka pakati pa anamfedwa, anthu akundiyang'ana, ndinazungulira kuseri kwa khola. Nsungwi zitatu zija zinali zikadali chizikire.

“Agogo, muli bwanji? Kodi ndikumva nyimbo?”

“Ndi akwaya. Akukonzekera za Khirisimasi.”

“Ayamba msanga chaka chino. Mundipatseko agogo aamuna.”

“Apita kudimba.”

“Lamulungu?”

“Ng'ombe za eni zalowamo. Ukuwadziwa agogo ako.”

Anaseka. “Muwauze kuti mpira uja ndagula. Uli pansi pa pilo. Muwauze ayambe kuongola zala.”

“Ndiwauza. Iwe limbikira mayeso.”

Ndinabwerera, ndinakhala pamalo panga, ndinapitiriza kulira. Lamulungu ziwiri zotsatira ndinapezanso zonena. Ulendo wina anali kwa asing'anga a mano, ulendo wina anali atagona. Bodza likazolowera pakamwa limatuluka lokha ngati malovu.

Musayese kuti ndinalibe dongosolo. Uthenga wa maliro uli ndi kaperekedwe kake. Munthu sumuuza ali chiimire. Ndinakonza zoti tsiku ngati lalero, loti mawa lake ndi Khirisimasi, Edisoni monga malume wake akamudikire pamphambano ya ku Tsangano, akamukhazike pansi pamthunzi, amwe madzi, kenako amuuze pang'onopang'ono monga amachitira akuluakulu. Koma mwanayo anafuna kudzidzimutsa agogo ake. Anzake a m'timu ankapita ku Lilongwe kumene kunali masewera Khirisimasi ikatha, ndiye anakwera nawo galimoto yawo tsiku limodzi msanga, n'kutsika pamphambanopo yekha.

Kuchokera pamenepo anakwera lole yobwerera yopanda katundu, ija imadzatenga mbatatesi. Msewu wathu mukuudziwa nthawi ya dzinja. Inatitimira kawiri, anatsika n'kukankha nawo. Woyendetsa loleyo anali pamaliro, ananyamula nawo bokosi. Amayi awiri amene anakhala naye kumbuyo ndi amene anaphika ndiwo za adzukulu okumba manda. Ulendo wonsewo mwana akuwaonetsa mpira, akuwafotokozera mmene agogo ake akasangalalire, iwo maso kumapiri. Atatsika anayenda wapansi, anadutsa pamjigo, anapereka moni, amayi anaweramira zidebe zawo. Mudzi wathunthu, ana inu. Palibe mmodzi anatsegula pakamwa. Moyo wanga wonse ndakhala ndikudandaula kuti anthu sasunga chinsinsi. Tsiku limodzi lokha limene anandimvera ndi limenelo.

Ine ndinali m'nyumba ndikupeta mpunga. Ndinangomva mawu kuchokera kumpanda.

“Agogo! Gwirani!”

Kenako phokoso, gu! pachitseko. Anauponya kumpando uja wa pakhonde asanayang'ane n'komwe, poti nthawi ngati imeneyo a Ndau sankasowa pamenepo. Mpira unagunda chitseko, unagubuduzika, n'kukaima pansi pa mpando. Ndinatuluka ndi lichero m'manja. Mutu wanga wometa, duku lakuda, chitenje chakuda.

Anayang'ana ine, anayang'ana mpando. Matope ali mpaka m'maondo, chikwama kumsana. Kumwetulira kunachedwa kuchoka pankhope pake, ngati sikunauzidwe.

“Liti?”

“Khala pansi, mwana wanga.”

“Liti, agogo?”

Ndinamuuza tsiku. Ndinaona akuwerenga ndi milomo.

“Akwaya aja,” anatero.

Sanalire pamenepo. Bwenzi zili bwino akanalira, akanagubuduka pansi, akanandinyoza. Anangokhala pachitsa icho, chikwama chili chikhalire kumsana, mpaka bambo ako anabwera akuthamanga kuchokera kumunda.

Khirisimasi ya chaka chimenecho ndinaphika monga mwa masiku onse. Ndinapha tambala, mpunga wothira mafuta, mabanzi, zakumwa za m'mabotolo. Kale ife Khirisimasi inali tsiku lokhalo lodya mpunga ndi kuvala nsalu yatsopano yochokera ku Joni, ndiye ndinkayesa kuti mbale ikhoza kulankhula pamene ine ndalephera. Titabwerako kutchalitchi, Edisoni anakapempha chilolezo kwa amfumu n'kumutengera kumanda. Anakhalako nthawi yaitali. Pobwerera anadzera kwanu Tadala, ndipo amayi ako, amene pakamwa pawo sipakhala chivindikiro, anamuuza zotsalazo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwasungira mkwiyo. Ndikudziwa kuti sananame. Mkwiyowo ndikadali nawobe, ndilibe kwina kouika.

Anafika ine nditamuikira mbale. Sanasambe m'manja.

“Agogo, akuti ankandiitana.”

“Odwala amalankhula zambiri.”

“Masiku angati?”

“Atatu. Mwina anayi.”

“Inu munawayankha kuti chiyani?”

Anadikira. Mwanayo ali ndi kudikira kwa agogo ake.

“Ndinati ndakuuza, ukubwera.”

“Ndiye anapita akudziwa kuti ndamva, koma sindinabwere.”

Zimenezo ndinali ndisanaziganizepo. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, masabata onse aja ndinkangoganiza za mayeso. Ndinati, “Ndinachitira iwe. Amayi ako anataya sukulu chifukwa cha maliro. Ndikanalola kuti ndikwirire mwamuna ndi tsogolo lako tsiku limodzi?”

“Mayeso amabwereza, agogo. Kuli makalata ake, munthu akaferedwa amalemba nthawi ina. Mukanangofunsa.”

Kufunsa ndani? Ine sindinafunsepo munthu chinthu chiyambire maliro a Esinati.

Nkhuku ija anadya ndinu, a Chisomo, muli ang'onoang'ono, mukulimbirana chiwindi. M'mawa mwake anati akutsatira anzake ku Lilongwe. Ndinatsitsa chithabwacho kudenga, ndinatola mpira, ndinati tenga, ndi zako. Anayang'ana zinthuzo osatambasula dzanja. “Mpirawo si wanga. Ndinagulira eni ake.” Anagwada monga mwana woleredwa, anati tsalani bwino agogo, n'kutuluka pampanda.

Mayeso aja anakhoza, anakhozanso bwino kwambiri. Musaiwale kutchula zimenezo mukamadzandinena ndikadzapita. Anamaliza koleji, anapeza ntchito. Khirisimasi iliyonse pa lole pamatsika katundu wanga: mpunga, shuga, mafuta ophikira, chitenje. Sanaphonyepo. Uyu ndi wachisanu, mwauona m'nyumbamo. Anthu amati Nangozo ali ndi mwayi, mdzukulu amamukumbukira. Akaimbira malume ake ine n'kulanda foni, amandipatsa moni mwaulemu wonse. Ndikafunsa za moyo wake, yankho ndi limodzi. “Ndili bwino, agogo.” Anathyoka mkono pa kiriketi yakeyo, ndinamva utapola. “Ndili bwino, agogo.” Anapeza mkazi, ukwati anakadalitsa konko, malume ake anapita mondizembera atanama kuti akukagula feteleza.

Chaka chino mayi wina wogulitsa mbatatesi kumsika wa ku Blantyre anandipeza kuchigayo. “Mwayamba kale kuiwala anzanu a Nangozo, poti mwaona chidzukulutudzi?” Ine kukamwa yasa. Mwana wamwamuna, miyezi inayi, akuseka kale. Dzina lake Simeoni, dzina la a Ndau. Ndinasiya ufa pachigayo pomwepo, ndinakamugwira Edisoni pakhosi kuti aimbe.

“Kondwani, mwana wabadwa osandiuza?”

“Munali pokolola, agogo. Sindinafune kukusokonezani.”

Sanakweze mawu. Sanaseke. Paja amati choipa chitsata mwini, koma sananene kuti chimafika chitavala ulemu.

Tsopano mverani chimene ndakuunjikirani pano, poti mbatatesizi ndikanatha kusankha ndekha. Mwezi wathawu ndinagwa kudimba. Bambo ako akuuza anthu kuti ndinaterera. Sindinaterere. M'chifuwa muno muli chinthu chimene chimandigwira ngati dzanja, ndipo miyendoyi mukuiona mmene yatupira. Kuchipatala anandipatsa timapiritsi, ndipo adokotala anatengera Edisoni pambali n'kumalankhula motsitsa. Ine maso a anthu ndimawawerenga. Titafika kuno ndinati, “Edisoni, umuimbire Kondwani. Umuuze kuti ndikudwala, abwere ndi mwanayo ndidzamuone.” Anatuluka panja. Anaima pang'ono pafupi ndi nkhokwe. Analowanso.

“Ndamuuza, amayi. Akubwera.”

Mawu amenewo ndimawadziwa. Ndinawaumba ndine, pamalo omwewo. Mwina anaimbadi, mwanayo n'kukana, ndiye akundibisira. Mwina sanaimbe, akuopa kumusokoneza pantchito. Mwinanso n'zoona, ali m'njira, lole yatitimira. Masabata atatu tsopano ndikugona chitseko chili chotsegula. Njinga yamoto ikamveka kumsewu ndimadzipeza ndadzutsa mutu. Ndipo palibe mmodzi m'mudzi muno amene ndingamufunse, poti ndinawaphunzitsa ndekha kusunga pakamwa.

Kandimverere adakanena za m'maluwa. Ndatopa ndi kutumiza anthu kuseri kwa nkhokwe. Tadala, pukuta m'manjamo. Chisomo, tulutsa foni ija, lero igwire ntchito. Nambala ya msuweni wanu muli nayo, musandinamize. Imbani pompano, pamaso panga, mukweze mawu kuti ndizimva ndekha mbali zonse ziwiri. Umuuze zimene waona ndi maso ako Tadala: miyendoyi, kupuma kwangaku, chitseko chotsegulacho. Usaonjezere, usachotsere. Umuuze kuti chithabwa chija ndimachidzoza mafuta a nsatsi chaka ndi chaka, ndipo mpira uli m'sutikesi ya agogo ake, sunagwidwepo ndi munthu. Ngati iye saufuna, Simeoni ali ndi manja.

Ikuitana? Ayi, usandipatse ine. Lankhula ndiwe. Ine ndikamuuza kuti ndikufa, adziwa bwanji kuti ulendo uno ndikunena zoona?